Mita ya m'tauni, mkono wa kumudzi: pomwe phindu limathawira

Mitambo ikangoyamba kuchita bii mwezi wa Okutobala ndi Novembala, katundu amene amayenda malonda m'misika ya Nsaru, Kabudula ndi Nambuma ndi pulasitiki wakuda wofolera nyumba. Amene denga lake ndi laudzu amafuna ayambe wayala pulasitiki asanaike udzu, ndipo mlimi wa fodya naye amamufuna wa pachigafa. Wogulitsa amaimika mpukutu pambali pa benchi, kasitomala n'kunena kuti akufuna mamita 10. Wogulitsa uja amatsina nsonga ya pulasitiki ndi zala, n'kutambasula dzanja, dzanja linalo n'kufikitsa pulasitikiyo pamphuno kapena paphewa. Imodzi. Kubwerezanso, ziwiri. Akafika pa khumi amadula ndi lezala, ndalama n'kulowa m'thumba, wogula n'kumangirira katundu wake panjinga.

Palibe amene amafunsa kuti mita imeneyi ndi ya yani. Komatu mpukutuwo udapikulidwa mumzinda wa Lilongwe, ndipo utali wake udawerengedwa ndi makina a kufakitale, osati ndi phewa la munthu. Katundu akagulidwa pa muyezo wina n'kukagulitsidwa pa muyezo winanso, pakati pake pamatsala mpata, ndipo mumpatamo ndi momwe mumagwera phindu la wogulitsa kapena ndalama ya wogula.

Masamu ake ndi osavuta. Mitengo ikusintha mlungu ndi mlungu, choncho manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera, aliyense aikepo mtengo womwe wapeza kokapikula. Mpukutu wa mamita 100 wagulidwa pa K60,000 ndipo ukugulitsidwa pa K800 mita imodzi. Ukatha wonse payenera kupezeka K80,000, phindu K20,000. Tsono wogulitsayo ndi bambo wamtali, ndipo kuchokera kunsonga ya chala chake kufika paphewa la tsidya linalo pali masentimita 108. Pa mita iliyonse akupereka masentimita 8 aulere osadziwa. Mpukutu ukamatha amapeza kuti wagulitsa mamita 92 okha, ndalama K73,600. K6,400 yapita, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu lonse, asanachotsepo ya minibasi ndi ya chiphaso cha msika. Madzulo amawerenga ndalama kawiri katatu, amakayikira mnyamata womuthandiza, amadandaula kuti a kusitolo adamupatsa mpukutu woperewera, pomwe wakubayo ndi mkono wake womwe.

Mnzake wa benchi loyandikana ndi mayi wamfupi amene amayeza kuchokera pachala kufika pamphuno, masentimita 88. Iyeyu mumpukutu womwewo amatulutsamo "mamita" 113, ndipo chaka choyamba amaoneka ngati wochenjera. Koma kasitomala amene adalipira mamita 10 wapita kwawo ndi mamita 8 ndi masentimita 80. Wakwera padenga, wayala, pulasitiki wathera panjira kutatsala malo opitirira mita. Mvula ikagwa pamadontha pomwepo, pamwamba pa matumba a chimanga. Msika wa kumudzi si wa m'tauni komwe wogula wa lero sadzaonekanso. Anthu ake ndi omwewo tsiku lililonse la msika, amakumana kumaliro, kuchigayo ndi kutchalitchi, ndipo mbiri yoti uje amabera poyeza imafika kumidzi wogulitsayo asanalongedze n'komwe katundu wake.

Zomvetsa chisoni n'zakuti awiri onsewa mwina palibe amene adaganizapo zobera munthu.

Kuyeza ndi thupi si umbuli, ndipo amene amakuseka sadziwa komwe miyezo ya m'sitolo idachokera. Makolo adali ndi miyezo yawo yodziwika bwino. Mkono ndi kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala chapakati. Mkwamba ndi manja onse awiri otambasula, chala ndi chala. Chikhato chotambasula chimayeza zinthu zazifupi, zala zogundanitsa zimayeza zazifupi kwambiri, ndipo mapazi amayeza pansi. Omasulira Buku Lopatulika, lomwe lidatuluka lathunthu mu 1922, sadavutike kupeka mawu atsopano. Chingalawa cha Nowa chidalembedwa m'mikono, 300 mulitali, 50 mulifupi ndi 30 msinkhu, ndipo amalinyero a ngalawa yomwe idanyamula Paulo adayeza kuya kwa nyanja m'mikwamba, poyamba 20, kenaka 15.

M'zaka za m'ma 1800 nsalu ndiyo idali ndalama kuno. Nsalu yoyera ya merikani, yomwe dzina lake lidachokera ku America komwe inkaombedwa, inkadzera ku Zanzibar n'kulowa kumtunda ndi amalonda a Chiswahili ndi a Chiyao, ena kudzera padoko la Nkhotakota. Kwa Aswahili mikono inayi inkatchedwa shuka ndipo mikono isanu ndi itatu inkatchedwa doti. Kampani ya African Lakes, ija anthu adaitcha Mandala, yomwe idayamba mu 1878, nayo inkalipira antchito ndi amtengatenga ake nsalu. Pamene malipiro a mwezi wonse adali nsalu, funso loti tiyeza ndi mkono wa yani silidali lamasewera. Wolandira ankafuna mkono wa chimphona, wolipira ankafuna wa kamnyamata. Mkangano womwe umabuka lero pa benchi la pulasitiki ku Nsaru ndi wakale kuposa ndalama ya kwacha.

Maiko ena nawo adayambira pathupi pomwepo. Aigupto akale ankamanga ndi mkono wa mfumu, wa masentimita pafupifupi 52, koma adaulemba pa ndodo zamtengo ndi zamwala kuti mmisiri aliyense aziyeza ndi mkono umodzi womwewo. Ku England kuli nthano yoti yadi idatengedwa pa dzanja la mfumu Henry woyamba, yemwe adalamulira kuyambira 1100 mpaka 1135. Fiti ndi phazi, dzina lake likunena choncho. Koma miyezo imeneyi idasiya kalekale kutsata thupi la munthu. Mu 1959 maiko olankhula Chingerezi adagwirizana kuti yadi ndi masentimita 91.44, fiti ndi masentimita 30.48, ndipo inchi ndi masentimita 2.54. Chomwe adachita ndi chimodzi: adachotsa muyezo pathupi, lomwe limasiyana munthu ndi munthu, n'kuuika pa ndodo yomwe simakula kapena kufupika.

Kusiyanako si kwapang'ono. Mkwamba wa munthu wamkulu umafanana ndi msinkhu wake, nthawi zambiri umapitirirako pang'ono. Mayi wa masentimita 155 ndi bambo wa masentimita 180 akayeza chingwe chomangira mbuzi mikwamba 10 aliyense, zingwe zawo zimasiyana ndi mamita awiri ndi theka.

Ogulitsa zitenje ali ndi nkhani yawoyawo, ndipo apa msampha suli pa mkono wokha ayi, uli pa dzina. Aliyense amati chitenje ndi mamita awiri. Koma nsalu zambiri zochokera kunja zimabwera zodula mayadi 6 kapena mayadi 12, ndipo pachizindikiro chomata pansalupo pamalembedwa choncho. Mayadi 6 ndi mamita 5 ndi masentimita 49. Kudula patatu mofanana, chitenje chilichonse chimakhala masentimita 183, kuperewera masentimita 17 kuti chikwane mamita awiri. Masentimita 183 amenewa ndi mafiti 6, mkwamba wa bambo wamtali, ndiye kuti chitenje chomwe amayi amavala lero ndi mkwamba uja wa nthawi ya merikani, wangosintha maluwa.

Povala m'chiuno kapena poberekera mwana, masentimita 17 sadandaulitsa munthu. Vuto limabwera kasitomala akatumidwa ndi telala. Telala wanena kuti diresi ifuna mamita anayi, mayi wagula zitenje ziwiri zosadula poganiza kuti ndi mamita anayi, koma m'manja mwake muli mamita atatu ndi masentimita 66. Telala akayala patebulo n'kupeza kuti manja a diresi satuluka, wolakwa amakhala wogulitsa nsalu. Komanso wogulitsa amene akufuna kukondweretsa kasitomala n'kumudulira mamita awiri enieni pa nsalu ya mayadi 6, akadula kawiri amatsala ndi chidutswa cha masentimita 149 chomwe palibe amene angachigule pa mtengo wa chitenje. Pa nsalu ya mayadi 12, yomwe ndi mamita 10 ndi masentimita 97, mumatuluka zitenje zisanu ndi chimodzi za mayadi awiri, kapena zitenje zisanu za mamita awiri ndi kachidutswa ka masentimita 97. Chitenje chathunthu chimasowa pa kusiyana kwa mawu awiri okha. Wochenjera amanena poyera asanagwire sizasi kuti izi ndi za mayadi awiri, ndipo wofuna mamita enieni mtengo wake ndi wina. Kunena choncho sikuthawitsa makasitomala, kumangotseka pakamwa pa amene akadabweranso mawa kudzakalipa.

Lastiki, riboni ndi lesi nazonso zimabwera m'mipukutu yomwe yambiri imalembedwa m'mayadi. Mpukutu wa mayadi 36 uli ndi mamita 33 osakwana bwino. Woupikula akauwerengera ngati mamita 36 waluza mamita atatu asanatuluke m'sitolo. Lastiki ndi malegeni omangira katundu panjinga zili ndi vuto linanso: zimatamuka. Wogulitsa akamayeza ndi manja amazikoka osazindikira, ndipo zikafika kunyumba zimabwerera mwakale. Izi n'zoyeza zitagona pabenchi, osati zili m'malere.

Mumsewu wa ku Mchinji, pa Mpingu ndi pa Namitete, pomwe pali ogulitsa matabwa, malata ndi akalipentala ambiri, chomwe chimasokoneza ndi phazi. Malata ndi matabwa mpaka lero amatchulidwa m'mafiti: lata la mafiti 8, la 10, la 12. Munthu wa kumudzi akamva kuti fiti ndi phazi amaganiza kuti lakenso ndi fiti. Koma phazi la munthu wamkulu lopanda nsapato kawirikawiri limakhala pakati pa masentimita 24 ndi 27, pomwe fiti ndi masentimita 30 ndi theka. Bambo amene wagoneka phaso pansi n'kuliyenda chidendene ndi chala n'kupeza mapazi 12 a masentimita 25, phaso lakelo ndi mamita atatu, ndipo lata la mafiti 10 likadakwana. Iye amakagula la mafiti 12. Pa malata 20 walipira mafiti 40 osafunika, mtengo wa malata anayi a mafiti 10, ndalama yoti ikadagula misomali ndi chitseko. Wa hadiweya angasangalale tsikulo, koma bamboyo mmisiri akamuuza kuti adawononga ndalama sadzaiwala sitolo yomwe idangomuyang'ana osamufunsa kanthu. Funso lake ndi lalifupi: "Bambo, mafiti amenewa mwayeza ndi tepi kapena ndi phazi?" Ngati ndi phazi, kuli bwino abwerere akatenge bango kapena chingwe chodula molingana ndi phasolo, adzachiyeze pasitolo pomwepo.

Pa matabwa zimatembenuka. Thabwa la mafiti 18 ndi mamita 5 ndi masentimita 49. Wocheka matabwa kumudzi akaliyeza ndi mapazi ake 18 amabweretsa la mamita anayi ndi theka, kuperewera pafupifupi mita yathunthu, ndipo wopikula amene sadanyamule tepi amadzazindikira atafika nalo kwa kalipentala. Achinyamata ophunzira ukalipentala ndi zomangamanga pa Namitete Technical College amaphunzitsidwa kuyeza ndi tepi, ndipo akatsegula mashopu awo sagula thabwa pongoliyang'ana.

Ochita geni ambiri a ku Nsaru ndi Kabudula amabwerekanso minda yolima soya ndi mtedza, ndipo kumeneko ekala amaiyeza ndi masitepe 70 mulitali ndi 70 mulifupi. Muyezowu ndi wolondola pokhapokha sitepe iliyonse ikhale yadi yathunthu, chifukwa ekala ndi masikweya mita 4,047. Mwini munda akayenda mwachizolowezi, masentimita 75 pa sitepe, malo otulukapo ndi masikweya mita 2,756, kungopitirira pang'ono magawo awiri mwa atatu a ekala. Lendi yalipidwa ya ekala, feteleza ndi mbewu zagulidwa za ekala, waganyu walipidwa za ekala, koma matumba odzakolola ndi a munda wocheperapo. Chingwe cha mamita 64 chikadathetsa nkhani yonse: mbali zonse zinayi zikakwana chingwecho, ekala yakwana.

Ogulitsa mbewu nawo amalandira madandaulo omwe gwero lake ndi chikhato. Kabzalidwe ka chimanga komwe alimi amakatcha Sasakawa kamafuna mizere yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, njere imodzi paphando. Alimi ambiri amayeza mapandowo ndi chikhato, koma chikhato cha anthu ambiri chimathera cha m'ma 20. Wobzala pa masentimita 20 mbewu yoyenera mizere 100 imamuthera pa mzere wa 80, ndipo amabwerera kusitolo n'kunena kuti paketi idali yosakwana. Kamtengo kodula pa masentimita 25, koperekedwa ngati banyira pa paketi iliyonse, sikadya mpamba wa munthu.

Pali malo pomwe thupi limaposa tepi, ndipo wamalonda asalimbane nalo. Pa kaunjika bambo amatenga thalauzi, n'kumanga batani, n'kuzunguliza chiuno chake pakhosi. Nsonga zikakumana kumbuyo kwa khosi, thalauzi likwana. Wina amalowetsa mkono m'chiuno cha thalauzilo, chigongono mbali ino, chibakera mbali inayo. Sokosi amaizunguliza pachibakera. Mayi wofuna nsapato za mwana yemwe watsala kunyumba amatulutsa kamtengo kapena kaulusi komwe adayeza paphazi la mwanayo mmawa. Wogula mpini wa khasu amauimika pansi n'kuona pomwe ukumulekeza, ndipo wogula mphasa amafuna yoti akagonapo mapazi asatulukire kunja. Pa kaunjika nambala yolembedwa pachovala ndiyo imanama, chifukwa m'belo limodzi mumakhala zovala za maiko osiyanasiyana, lililonse ndi manambala ake, zina zidafota kale pochapa. Apa muyezo wa thupi umagwira ntchito chifukwa thupi lomwe layeza ndi lomwe likagwiritse ntchito chinthucho. Umayamba kunama pamene woyeza ndi wina, wogwiritsa ntchito ndi wina, kapena pamene chinthucho chikukalowa pamalo osasintha ngati denga, felemu ya chitseko kapena patebulo la telala.

Wogulitsa zinthu zoyeza utali safunika zida zodula. Tepi ya telala, ija ya masentimita 150 mbali imodzi ndi mainchesi 60 mbali inayo, imapezeka m'misika yonseyi. Koma nayo ndi yofunika kuiyesa. Ikakalamba imatamuka, ndipo pali matepi ena otsika mtengo ochokera ku China omwe mbali yooneka ngati ya mainchesi ili ndi muyezo wa kwawo, wa masentimita atatu ndi kagawo, osati 2.54. Kuigundanitsa ndi rula ya mwana wasukulu ya masentimita 30 kumaulula zonse. Pepala la A4 nalo mulitali mwake ndi masentimita 29.7, likhoza kuthandiza rula ikasowa. Tepi ikatsimikizika, chotsatira ndi kukhoma misomali iwiri m'mphepete mwa benchi, yotalikirana mita imodzi, ndi msomali wachitatu pa masentimita 91 ndi theka wosonyeza yadi. Oyenda ndi katundu msika ndi msika angadule ndodo yowongoka ya mita imodzi n'kuilemba mizere pa theka ndi pa kota. Ubwino wa misomali ndi ndodo ndi wakuti kasitomala amaona ndi maso ake, ndipo mwana akatsala pabenchi mwini wake atapita kukadya, mita imakhalabe yomweyo. Benchi lomwe mmawa limayezedwa ndi bambo, masana ndi mayi, madzulo ndi mwana wa sitandade 7 limagulitsa mamita atatu osiyana pa mtengo umodzi.

Lamulo nalo lili kumbali ya ndodo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limayang'anira miyezo ya pamalonda, ndipo ogula soya ndi mtedza amalidziwa bwino chifukwa cha masikelo. Muyezo wa utali ndi muyezo ngati sikelo yomweyo. Amene wanena kuti akugulitsa mita walonjeza masentimita 100, ndipo pakabuka mlandu kwa wapampando wa msika, phewa silingakhale mboni.

Izi sizikutanthauza kuti mkono utayidwe. Kokapikula, m'sitolo yodzaza anthu, kapena kumudzi kogula nsungwi ndi milimo, nthawi zina tepi imakhala itaiwalika, ndipo mkono ndi chida chomwe sichitsala kunyumba. Chofunika ndi kuudziwa. Wamalonda adziyeze kamodzi ndi tepi: chikhato chake ndi masentimita angati, mkono angati, mkwamba angati, phazi lili m'nsapato yomwe amavala pamsika angati, ndipo mita yeniyeni imathera pati akatambasula dzanja, pamphuno, pakhutu la tsidya kapena paphewa. Manambalawo alembedwe pachikuto cha kope la ngongole. Mayi amene akudziwa kuti mkwamba wake ndi masentimita 160 akapatsidwa nsalu yoti ndi mayadi 6 amayembekeza mikwamba itatu ndi mikono yake iwiri yosakwana bwino, ndipo ikathera pa mikwamba itatu yokha amadziwa kuti pachoka masentimita pafupifupi 70, n'kuibweza asanalipire.

Ndipo pa banyira, amene akufuna kuonjezera kasitomala wake aonjezere atamaliza kuyeza, chikhato chimodzi chooneka ndi maso, wogulayo akuona n'kuthokoza. Masentimita 8 obisika mumita iliyonse aja, bambo wamtali uja adawapereka kwa anthu onse ogula mpukutu wake, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene adati zikomo.